Mutu 6: Buku Limene Ndinaliyesa Chikole

1. Kalata ya mizere inayi

Kalata ya Stanislaus inafika Lachisanu masana, kumapeto kwa mwezi wa Meyi, chaka cha 1986. Ndinaitsegula ndi mpeni kuti envulopu isang'ambike moipa, poti nayonso ndimafuna kuisunga.

Munali mizere inayi yokha, ya Chingerezi. Anati ali bwino, kuyunivesite kukuzizira, ndipo akufuna buku lake lija la kemisitiri. Ndikalisiye kwa amayi ake ku Unit D, dera la ku Seke, adzalipeza komweko.

Ndinatembenuza pepalalo. Kuseri kunali koyera.

Ine ndine Florida, wa ku Zengeza 2, kunja kwa mzinda wa Harare. Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza maphunziro onse kupatula sayansi, ndipo kusukulu ya unamwino kumene mtima wanga unali salandira munthu wopanda sayansi. Choncho ndinalembetsa kuti ndibwereze phunziro limodzi lomwelo mu Juni.

Stanislaus anali mnyamata wa m'kwaya yathu kutchalitchi, wamtali, wamagalasi, wa chaka chachiwiri kuyunivesite ku Harare. Agogo ake anachokera ku Malawi ngati makolo anga. Koma iye Chichewa ankangochimva. Ukamulankhula, ankamwetulira n'kukuyankha m'Chishona.

M'mwezi wa Malichi, kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere kusukulu, anaima pageti pathu ndi buku lija. Linali lachikuto chobiriwira, lonenepa ngati njerwa ziwiri, masamba opitirira mazana asanu ndi anayi. Ndi limene anaphunzira nalo chaka chake choyamba. Anati popeza ndikulimbana ndi sayansi, ndilione. Anandipatsa ndi manja awiri.

Ndinathamangira m'nyumba n'kukatenga kampango kam'manja kamene ndinapeta ndekha, ka maluwa achikasu ndi chilembo cha F pakona. Anakalandira, anaseka, n'kukaika m'thumba la malaya, mbali ya kumtima.

Ine ndinakula ndikumva amayi akusimba za chikole chawo: kuti malemu bambo anawapatsa mpango wakumutu ndi sopo wonunkhira kwawo ku Dedza, iwo n'kubweza chibangiri cha mikanda, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense ankadziwa kuti Felista ali ndi mwini. Tsono mnyamata wandipatsa chinthu chake chokondedwa, ine ndabweza changa, iye walandira. Ndikanachitcha chiyani?

Kuyambira pamenepo sindinawerengenso buku lina. M'mphepete mwa masamba munali timawu ta pensulo ta Stanislaus, ndipo ndinkatsata timeneto ngati mapazi ake pamchenga. Pamene anajambula mzere, inenso ndinkajambula wanga pansi pake. Zambiri sindinkazimva, koma ndinkaloweza. Ndinkadziona ndikuyenda naye pakapinga wa kuyunivesite, tikukambirana za maatomu, anthu akutiyang'ana.

Kabuku kathu ka sayansi ka Fomu 4, kopyapyala, kamakona opindika, kanayamba kundichititsa manyazi. Tsiku lina amayi akudandaula kuti nyuzipepala zokulungira mtedza zikusowa, ndinawapatsa. Amayi sawerenga Chingerezi. Anandifunsa kawiri ngati ndathana nako. Ndinati n'ka ana, ine ndapita patsogolo.

2. Mawu a amayi

Madzulo a Lachisanu lomwelo amayi anali kukhomo lakuseri, akukazinga mtedza wokagulitsa mawa pa siteji ya basi. Kumeneko amaitana makasitomala kuti nzungu, nzungu, koma pakhomo pathu ndi mtedza basi. Ndinawawerengera kalatayo ndikumasulira.

Ndinawauza kuti kwathu munthu akalanda chikole ndiye kuti chibwenzi chatha, ndipo ine sindingalole kuti chithe ndi kakalata. Mawa ndipita ku Harare, akandiuze ndi pakamwa pake chimene ndalakwa.

Amayi anaphula chiwaya, napukuta manja pachitenje.

"Kwathu kutiko, Florida? Kumene sunapondeko? Khala pansi undimvere. Chikole si katundu, mwanawe. Bambo ako sanangondiponyera mpango pageti. Anayamba andifunsira, ine n'kuvomera ndi pakamwa pangapa. Pondipatsa panali mkulu wanga, panalinso mnzawo wa bambo ako, anthu oti mawa akhoza kuimirira n'kunena kuti tinaona ndi maso. Mwezi usanathe, amalume awo anali atakhala pamphasa kwa amalume anga. Tsono iweyo, mnyamata ameneyu anakufunsira? Anaona ndani? Miyezi itatu ikutha, kwa amalume ako kwafika munthu? Ana inu obadwira kuno mwatola mawu akwathu, koma zimene zimayenda ndi mawuwo mwazisiya. Mnyamatayo mwina ndi wabwino, ine sindikumunena. Koma munthu amene sangathe n'kundiyankha moni m'chilankhulo cha agogo ake, chikole achidziwira kuti?"

Ndinayankha kuti masiku ano anthu ophunzira sapatsana sopo. Amayi anati n'zoona, koma ophunzira ndi osaphunzira omwe amafunsira ndi pakamwa.

"Ndipo china chimene chikundiopsa," anapitiriza, "n'choti unathamangira kuuza amalume ako pa Isitala kuti uli ndi chikole. Ndinakutsina, sunamve. A Kaitano ndi mchimwene wanga, ndimawadziwa. Bambo ako atamwalira iwo analumbira kuti palibe adzakuseweretse, ndipo munthu amene uja sachedwa kuvala jekete. Mawa m'mawa upite kusukulu. Ukaweruka, ukasiye buku la eni ake ku Unit D mwaulemu, ubwereko. Unamwino uli m'manja mwako. Mnyamatayo sali m'manja mwako."

Ndinati ndamva. Kalatayo ndinaisiya patebulo, buku n'kulikulunga m'chitenje changa chatsopano.

3. Kiyi wa labotale

Loweruka m'mawa kunali chisanu chodula zala. Amayi analawirira kusiteji ndi basiketi yawo. Ine ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kudzera njira ina yokakwerera kutsogolo, kuti asandione.

Amene anandiona ndi a Meshack, mphunzitsi amene ankatithandiza ife obwereza mayeso. Ankabwera wapansi, kiyi wa labotale akumuzungulitsa pachala. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ahedi anatilola ife a kunja kugwira zipangizo mayeso asanafike, ndipo mayesowo anali atatsala masiku asanu ndi anayi.

Anayang'ana diresi, nayang'ana phukusi. Anafunsa ngati masiku ano kulabotale timapita ngati kuukwati. Kenaka anapempha kuona chimene ndanyamula.

Analiyeza m'manja, natsegula pakati, nawerenga pang'ono. Anandifunsa funso limodzi: mpweya umene timapuma potulutsa, ungauzindikire bwanji uli m'botolo? Ndinayamba kufotokoza za mmene maelekitironi amakhalira m'magulumagulu, mawu aatali amene ndinaloweza patsamba 212. Anandidikira mpaka nditamaliza, nabwereza funso lomwe lija. Kenaka analiyankha okha.

"Madzi a laimu, Florida. Amasanduka ngati mkaka. Zili m'kabuku kako, mutu wachitatu." Anatseka buku lija pang'onopang'ono. "Mwana wanga, buku ili ndi labwino, sindikulinyoza. Koma amene analilemba ankaona munthu amene wadutsa Fomu 4, wadutsa Fomu 6, wakhala m'labotale zaka zinayi. Zimene iwe ukazipeze pamayeso, iwo sazifotokozanso, chifukwa akuti wowerenga akuzidziwa kale. Ndiye iwe ukuloweza mayankho a mafunso amene palibe adzakufunse, pamene amene adzakufunsawo sunawaone n'komwe. Ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwana waulesi sandimvetsa chisoni kwenikweni, amadziwa chimene chamugwetsa. Amene amandipweteka mtima ndi wakhama wothamanga, woti wawerenga mpaka maso kufiira, koma wawerenga zolakwika. Bwera lero. Ugwire botolo ndi manja ako, udontheze asidi, uone mtundu ukusintha. Masiku asanu ndi anayi ndi ochepa, koma alipo. Bukuli lidzakudikira. Mayeso sadikira."

Nthawi yomweyo inaima galimoto ija timati ET, Pijo yakale yonyamula anthu mpaka kubuti. Woyendetsa anatulutsa mutu n'kunena kuti kwatsala malo a munthu mmodzi wa kutawuni.

Ndinauza a Meshack kuti ndibwera msanga, ndikapeza asanatseke. Anandibwezera buku. Ndinakwera kubuti, mawondo akugundana ndi a mayi wina wonyamula nkhuku, ndipo pagalasi lakumbuyo ndinaona a Meshack ataima pomwepo, kiyi atasiya kumuzungulitsa.

4. Pakapinga wa kuyunivesite

Msewu wa Seke wonse ndinkakonza zokanena. Ndinaganiza kuti akandiona adzadzidzimuka, adzagwira dzanja langa, adzati kalata ija analemba atakwiya ndi nkhani yabodza imene wina anamuuza. Ndinali nditamukhululukira kale tisanafike n'komwe m'tawuni.

M'tawuni ndinadikira basi ya ku Mount Pleasant ola lathunthu. Pofika, dzuwa linali pamutu. Ndinafunsa anthu atatu, wachitatuyo n'kundilozera kuseri kwa nyumba zogona anyamata.

Kapinga analidi wobiriwira ngati m'maloto anga. Stanislaus anali atakhala pamenepo ndi anzake, mabuku ali mbwee. Atandiona anadzuka, nkhope yonse ikuseka.

"Ko, Florida! Wauya nebhuku?"

Ankafunsa m'Chishona ngati ndabwera ndi buku. Analibe manyazi, analibe mantha. Anali wokondwa ngati munthu amene wamubweretsera chipewa chimene anaiwala m'basi. Anati sindikanavutika, ulendo wonsewu chifukwa cha buku. Kenaka anatembenuka n'kuitana mtsikana wina wovala juzi yofiira, wa tsitsi lometa bwino. Anati uyu ndi Marjory, wa chaka choyamba, ali ndi mayeso sabata yamawa ndipo mulaibulale mabuku otere onse anabwerekedwa. Ine anandifotokoza kuti ndine hanzvadzi yake ya kutchalitchi, ndiye kuti mlongo wake. Ponena zimenezi dzanja lake linali paphewa pa Marjory, ndipo silinachokepo msanga.

Marjory anandipatsa moni mwaulemu, nandithokoza. Ndikanakonda akanakhala wamwano.

Ndinapempha Stanislaus kuti tilankhule awiri. Tinasuntha n'kukaima pansi pa mtengo. Zonse ndinakonza m'ET zija zinabalalika. Ndinangofunsa m'Chichewa, phukusi nditalikumbatira pachifuwa.

"Ukulanda chikole chako, Stanislaus? Ndalakwa chiyani?"

Anakwinya pamphumi. "Chikole? Chii ichocho?"

Ankafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundiseka. Sankandiseka. Mawuwo anali asanawamvepo chibadwire.

Ndiye ine, pansi pa mtengo wa eni ake, ndinayamba kumuphunzitsa mwambo wa agogo ake. Ndinamuuza za mpango ndi sopo, za chibangiri cha mikanda. Ndikufotokoza choncho ndinkamva mawu a amayi akutuluka m'kamwa mwanga: kufunsira, mboni, amalume pamphasa. Pachilichonse chimene ndinkatchula, ndinkaona ndekha kuti ife tinalibe.

Nkhope yake inagwa. Anavula magalasi, napisa m'thumba la buluku kuti apeze chopukutira. Chimene anatulutsa chinali kampango kanga. Kanali kotuwa, kolimba ndi madontho, ndipo pamaluwa achikasu paja panali timabowo tambiri ta m'mphepete mofiirira. Chilembo cha F chinali chitadyeka theka.

Anaona kumene ndikuyang'ana. Anafotokoza mofulumira kuti ndi asidi, kuti kamamuthandiza kwambiri m'labotale popukuta patebulo, kuti sakasiya. Ankaganiza kuti akundisangalatsa.

Anapepesa kangapo. Anati bukulo linkangokhala pansi pa bedi kwawo, ndipo anaona kuti ndi bwino ndizionako zithunzi, ndilimbe mtima kuti sayansi ili ndi kutsogolo. Anati amandilemekeza kwambiri. Mawu amenewa anawanena m'Chingerezi.

Ndinamasula chitenje. Analandira bukulo n'kulitsegula mongofuna pothawitsira maso. Munagwa duwa louma limene ndinathyola pageti pathu tsiku lija. Sanalione. Anaona mizere yanga ya pensulo, pansi pa yake, tsamba ndi tsamba, mpaka kupitirira tsamba 300. Anasiya kutembenuza. Kenaka anachita chinthu chimene anali asanachitepo: anayesa kundilankhula m'Chichewa, chopotokapotoka.

"Florida, iwe unawerenga izi za mayeso ako? Izi zonse?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Izi sizibwera. Ngakhale imodzi."

Ndinapinda chitenje changa bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Ndinatsanzika Marjory. Stanislaus anafuna kundiperekeza kubasi, ndinakana. Sindinalire pakapinga pawo. Ndinalira m'basi, nkhope nditaitsamiritsa pawindo, kondakitala n'kumauza anthu kuti andisiye, mwina ndalandira uthenga wa maliro.

5. Mtedza

Ndinatsika ku Zengeza 2 cha m'ma folo koloko. Ndinadzera kusukulu kaye. Geti linali lokhoma ndi tcheni.

Amayi anali pamalo pawo pasiteji, atakhala pakabokosi, mtedza uli m'timapepala topinda mosongoka tondandalikidwa pathireyi. Anayang'ana chitenje chopanda kanthu m'manja mwanga, nayang'ana maso anga. Anasuntha pakabokosipo kuti ndikhale nawo, natenga kaphukusi kamodzi n'kundipatsa.

"Idya. Kuyambira m'mawa sunalawe kanthu, ndikudziwa."

Ndinatsanulira mtedza m'dzanja. Pepalalo linafunyululuka lokha. Panali chithunzi cha botolo, kapaipi kopindika kolowa m'madzi, ndi mawu pansi pake ofotokoza kuti madzi a laimu amasanduka ngati mkaka. Pamwamba panalembedwa tsamba 41.

Ndinatenga kaphukusi kena. Tsamba 43. Kena, tsamba 57, la asidi ndi mchere.

Amayi anati nyuzipepala zinawathera Lolemba. Kabuku kaja anakasunga pamwamba pa kabati miyezi iwiri, akuganiza kuti mwina ndikafunanso, koma sindinakafunse. Anayambira kutsogolo kung'amba. Zambiri zinapita ndi anthu a m'mabasi a m'mawa.

Ndinawapempha basiketi. Ndinayamba kumasula timaphukusi tonse ta pathireyi, kamodzikamodzi, mtedza n'kumaubwezera m'basiketi, pepala n'kumaliwongola pabondo. Bambo wina anaima kuti agule. Amayi anamuuza kuti lero atseka, ndipo nawonso anayamba kumasula. Zala zawo zinali zofulumira kuposa zanga. Ankandipatsa pepala lililonse ndi manja awiri, mozondoka, poti sankadziwa kumutu kwake.

Pansi pa basiketi panali chotsala cha kabukuko, chikuto ndi mitu itatu yomalizira. Ndinachiika pamwamba pa masamba amafuta aja. Zonse pamodzi sizinkafika ngakhale theka.

"Amayi," ndinatero, "sanali kudziwa n'komwe kuti chikole n'chiyani."

Manja awo anaima.

"Ndiye tili pamavuto," anatero motsitsa mawu. "Amalume ako anafika kunyumba masana, anapeza kalata ija patebulo, n'kuiwerenga. Angodutsa kumene pano. Ndayesa kuwagwira, andiuza kuti nkhani za ukwati si za akazi. Avala jekete yakuda ija. Akuti akukafunsa makolo a mnyamatayo chifukwa chake akulanda chikole kwa mwana wopanda mlandu, ndipo akafunsira panja, anthu a ku Unit D onse amve."

Kutsidya kwa msewu basi ya ku Seke, yodzera ku Unit D, inali itaima, injini ikulira, anthu omalizira akukwera. Pamiyendo panga panali masamba aja, ndipo kamphepo kanali katayamba kuwatukula m'mphepete. Ndinawapanikiza ndi dzanja limodzi, n'kuimirira.